Wakuba Wosiya Milamba

Mukafika kwa Likoswe n'kufunsa kumene kumapezeka miono yabwino, aliyense adzakulozerani kanjira kotsikira ku mtsinje wa Chisombezi, n'kukuuzani kuti mukaime pomwe mukaone phata lalikulu la nsungwi kuseri kwa nyumba ya zidina. Pamenepo ndi pa a Goliati Namakhuwa. Musayembekezere chimphona. Amene anawasankhira dzinali pa ubatizo ku Nguludi ayenera kuti ankaseka chamumtima, chifukwa a Goliati ndi kamunthu kochepa, kouma ngati nsungwi zomwe amang'ambazo, ndipo akakhala pakati pa miono yawo mutha kuwapitirira osawaona. Miono amalukabe mpaka lero, ogula amachokera kutali ndi njinga, ena mpaka ku madambo a ku Phalombe. Koma kumtsinje iwo sapitako. Patha zaka zitatu asanapondeko phazi, ngakhale kukasamba kumene. Anthu amati ndi ukalamba, koma si ukalamba.

Ntchito ya miono anaipeza m'banja. Agogo awo anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje, ku Mozambiki, nthawi ija Alomwe ankathawa mkwapulo wa Apwitikizi, ndipo a Goliati amakonda kunena kuti mkuluyo anafika kuno ndi zinthu ziwiri zokha, mpeni ndi mfundo. Mpeni unatha kalekale ndi kunola. Mfundo ndiyo inatsala. Agogowo anali amanzere, choncho kumchira kwa mono, kumene amatsegula pochotsa nsomba, ankamanga mozondoka, ndipo ana awo anatengera momwemo ngakhale iwo anali akumanja. Mfundo ya anthu ena mwana amamasula ndi dzanja limodzi, koma ya kwa Namakhuwa ukakoka nsonga imene ikuoneka ngati ndiyo yomasulira, imangolimbirako. Wakuba amalimbana nayo mpaka thukuta, kenako n'kutulutsa mpeni. N'chifukwa chake a Goliati akaberedwa ankadziwa tsiku lomwelo, chingwe chodulidwa chinkawauza.

Kuwaona akugwira ntchito n'kosangalatsa ngati simukufulumira. Nsungwi amadula m'chilimwe, zokhwima zokhazokha, ndiponso mwezi uli mumdima, ati kuti zisafumbwe. Phata lija anabzala okha chaka chimene anabwera kudzakwatira pamudzipo, alamu awo akuwaseka kuti mkamwini wobzala nsungwi akuganiza kuti akhalitsa. Amazing'amba panayi, n'kung'ambanso, n'kung'ambanso, mpaka patsale timizere tonga chala cha mwana, ndiye n'kumatipala ndi mpeni pabondo, atayala kachidutswa ka tayala kuti buluku lisathe. Timizereto amativiika masiku awiri kuti tifewe. Kenako amapinda mikombero itatu, waukulu kukamwa, wina pakati, waung'ono cha kumchira, n'kuyamba kumangirira ndi chilambe, chingwe chakutchire chomwe amakafuna okha m'mapiri ndipo sichiola msanga m'madzi. Anzawo onse anasamukira ku linya la m'matayala, ena anangosiyiratu n'kumakokolola nsomba ndi maneti a udzudzu, koma a Goliati mukawatchulira linya amalavula pansi. Pomaliza amaluka kamono kena kakang'ono kosongoka n'kukaloweka kukamwa, nsonga zake zitaloza mkati. Kameneko iwo amakatcha mmero. Nsomba imalowa bwinobwino nsongazo zikuipatsa njira, koma ikatembenuka imapeza zatsekana. Chilichonse cholowa mmenemo chimadikira mwini mono, kaya ndi nsomba kaya si nsomba.

Ana awo aamuna awiri ataona kuti nsungwi imacheka zala anathawira ku Limbe kukagulitsa kaunjika. Amene anakhala pansi n'kuphunzira anali mzime, Esnat. Anthu ankaseka, ati mwana wamkazi ndi mono n'zosayenderana, koma bambo ake sankamva. Ali ndi zaka khumi ankapala nsungwi osadzicheka, atakwana khumi ndi ziwiri ankaluka mmero wabwino kuposa wa amuna andevu, ndipo ndiye yekha amene anaonetsedwa mfundo ija. Bambo akewo anamuphunzitsira kuseri kwa nkhokwe ngati akumupatsa mankhwala, n'kumulumbiritsa kuti asadzaonetse munthu. A Goliati ankamukonda mwanayo koposa, ndipo pamudzi panalibe amene sankadziwa. Mkazi wawo, a Ellina, ankawaitana kuti bambo a Esnat, ngati kuti anyamata aja sanabadwe.

Ndiye Esnat anakula, n'kukondana ndi telala wa kutsidya kwa mtsinje, Abdulhamid, mnyamata wofatsa wa Chisilamu. A Goliati, omwe Lamulungu lililonse ankayenda wapansi kupita ku Misa ku Nguludi mwana wawoyo ali pambuyo, anakana kwamtuwagalu. Koma kuno kwathu ana ndi akuchikazi, ndipo a Goliati pamudzipo anali mkamwini chabe, ngakhale nsungwi zawo zinali zitatalika kuposa denga. Malume ake a mtsikanayo anavomera, ukwati unachitika. Esnat analowa Chisilamu, n'kupatsidwa dzina loti Ruqaiya. Zonsezo mwina a Goliati akanazimeza pang'onopang'ono. Chimene chinawatsamwitsa ndi mlamba.

Patangopita sabata anaganiza zodzichepetsa. Anasankha mlamba wonona kuposa yonse imene anagwira mwezi umenewo, anauwamba okha, n'kuuza a Ellina kuti aphikire mkamwini. Kwa a Goliati mlamba ndiye nsomba, zinazi ndi zinyalala za m'madzi. Mbale itafika, Abdulhamid anapepesa mwaulemu kuti kwawo nsomba yopanda mamba sadya, n'kupempha kuti angomupatsako nkhwani. A Goliati anayang'ana mwana wawo, amene anakulira mitu ya milamba, ndipo naye anali atabweza dzanja. Bamboyo sanakalipe. Ananyamula mbaleyo n'kukakhuthulira agalu anthu onse akuona, kenako ananena kuti pakhomo pawo asadzamvenso dzina la mwamunayo ngakhale la mkaziyo, latsopano ndi lakale lomwe. Banjalo, lomwe linkayenera kumanga pamudzi pomwepo, linasamukira kutsidya kwa amake a Abdulhamid.

Kuyambira pamenepo a Ellina anasiya kunena kuti bambo a Esnat, ankangoti inu. Iwo kutsidya ankapitako ndithu, atabisa kaufa pansi pa zovala zokachapa, koma akayesa kubweretsa nkhani ya kumeneko amuna awo ankanyamuka n'kusiya chakudya, mpaka mayiyo anaphunzira kutseka pakamwa. Kunabadwa adzukulu awiri, a Goliati osawadziwa nkhope. Pamaliro akakumana ndi mwana wawo ankayang'ana nsapato zawo mpaka adutse. Mkwiyo wa anthu ena umaphwa ngati chithupsa, koma wawo unali wa mtundu wa mfundo ija, ukaukoka umalimbirako. Zinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi, anthu akumwa mtsinje umodzi.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inayamba mochedwa, ndipo pofika Januwale m'nkhokwe zambiri munali mutatsala makoswe okha. Kenako inagwa yosalekeza, Chisombezi anadzaza, madzi ofiira, nsomba zikukwera. A Goliati anamanga biyo, mpanda wa bango wodutsa mtsinje pamene madzi amapanikizana pansi pa mkuyu, n'kusiya mipata inayi, mpata uliwonse mono wake, mkati atamwazamo gaga wokazinga. Sabata yoyamba zinayenda. Sabata yachiwiri anayamba kupeza zachilendo. M'miono munkakhala milamba yokhayokha, iwiri, itatu, yamoyo, koma makumba ndi matemba osaonekamo. Poyamba anati mwina milambayo ikumeza tinzake. Kenako anati ndi katumbu, koma katumbu amang'amba nsungwi, ndiponso sasankha. Tsiku lina anaona mamba a nsomba atamatirira pa timizere ta kumchira, pomwe dzanja la munthu linatuluka nazo. Anayang'ana mfundo. Inali yomangidwa bwinobwino, mozondoka, monga amamangira iwo, kungoti nsonga yake inatsala yaitali pang'ono.

Anakhala pamwala nthawi yaitali, madzi akuwanyambita mapazi. Wakuba wamba amakhuthula mono wonse, ndipo mlamba ndiwo amayamba kutenga. Uyu ankapisa dzanja n'kumasankha zamamba zokha. Wakuba wamba amadula chingwe, uyu ankamasula n'kumanganso. A Goliati si munthu wopusa, anawerenga zizindikiro zonse ziwiri, n'kupeza yankho limene mtima wawo unkalifuna kale: wakubayo ndi telala uja, ndipo mfundo ya agogo awo anaonetsedwa ndi mkazi wake. Nsombazo sizinawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka n'chakuti mwana amene analumbira kuseri kwa nkhokwe anakapereka mfundo kwa munthu amene anakana mbale yawo. Akanafunsa kunyumba, nkhani ikanathera pomwepo. Koma akanafunsa bwanji za anthu amene iwo omwe analetsa kuwatchula? Safunsa anadya phula.

Anayesa kulawirira kuti amugwire, koma mawondo awo m'nyengo yamvula safuna changu, ndipo akamafika ankapeza mfundo zitamangidwa kale, bango la kutsidya likugwedezekabe. Anazindikira kuti munthuyo amabwera akangotha mapemphero a m'bandakucha, aja amaitanira pa chimkuzamawu cha kumzikiti. Ankamva kuitanako ali pamphasa, n'kumakukuta mano. Kukasuma sanafune, chifukwa kusuma n'kutchula dzina. Anangokhala chete, ndipo a Ellina, omwe amawadziwa amuna awo ngati chikhatho, anayamba kuchita mantha ndi cheteyo. Ankawaona akupala kamzere ka nsungwi mpaka kuduka, n'kutenga kena, n'kukapalanso mpaka kuduka. Tsiku lina mayiyo analimba mtima akuwathirira madzi osamba m'manja, n'kuyamba kunena kuti kutsidya kuja zinthu..., koma sanamalize. A Goliati anali ataimirira kale, manja akudontha, n'kupita kukakhala pansi pa nsungwi mpaka chakudya chinazizira.

Lachinayi lina masana, mvula italeka, anatsikira kumtsinje kukaona ngati madzi sanagwetse biyo. Mono wakumapeto, wa kufupi ndi gombe la kutsidya, unkagwedezeka wokha. Atasuzumira anaona chinthu chakuda chonyezimira chitadzipinda pakati pa nsomba, chikukankha mutu pa nsungwi zapamwamba kufuna mpweya. Inali njoka ya mamba, ija imafutukula khosi ikakwiya, yotalika pafupifupi ngati iwo eni. Inalowa kutsata achule ndi matemba, mmero n'kuitsekera. Izi zimachitika, ndipo aliyense wa miono amadziwa chochita. Umakanikizira monowo pansi pa madzi ndi mwala, n'kupita kukasuta fodya, pobwera njoka yafa. A Goliati anatola mwala. Anaima nawo m'manja, madzi akuwafika m'mawondo, akuyang'ana kutsidya kumene utsi unkafuka pa nyumba zija.

Mwalawo anauponya pambali. Anadula kamtengo ka mphanda, anakazika m'matope, n'kukweza mchira wa mono pamwamba pa madzi kuti njokayo izipuma. Kenako anazula udzu n'kuphimba mono wonse, monga amachitira dzuwa likamaswa mtengo, kuti zamkati zisaoneke. Anayang'ana mfundo ngati yalimba. Ntchito yonseyi anaigwira mosamala, ndi manja omwe aja oluka bwino, ndipo ndinene mosabisa kuti ankadziwa chimene ankachita. Pokwera mtunda ankadziuza kuti iwo sanaitane njoka, inalowa yokha, ndiponso sanatume munthu kukapisa dzanja m'mono mwa eni. Panjira anakumana ndi a Stefano, mnzawo wa kutchalitchi, omwe ankachokera kudimba ndipo anawaonera patali akuzula udzu. Anawafunsa moseka kuti mono akuuphimbiranji kumwamba kuli mitambo chonchi, ndipo a Goliati anayankha kuti nsomba ya lero ndi yamanyazi. A Stefano anaseka n'kupitirira.

Madzulo amenewo mitambo inasonkhananso cha kuphiri la Chiradzulu, yakuda bii, ndipo a Goliati ankatulukatuluka panja kukaiyang'ana. Mlimi aliyense pamudzipo ankapempha mvula ya chimanga, iwo okha ankapempha kuti isagwe, chifukwa mtsinje ukanakwera ndi chikhatho chimodzi chokha ukanamiza mchira wa mono. Mitamboyo inang'ung'udza, n'kulambalala kupita kwina. Atatsimikiza kuti yapitadi anadya bwino, mpaka anapempha kuwonjezera ndiwo, zomwe a Ellina anali asanazione mwezi wonse.

M'bandakucha a Ellina atatuluka kukasesa anawapeza ali kale pakhonde, atavala jekete, manja ali pamawondo, osagwira kanthu. Kutsidya mawu oitanira mapemphero anali atangoyamba. Mayiyo anafunsa ngati lero sapita kumtsinje, iwo anati apita mochedwa, alole alendo ayambe. Akanathera pomwepo, koma chinsinsi chokoma chimayabwa pakamwa.

"Mkamwini wanu uja sadya chopanda mamba," anatero. "Ndiye lero ndamuikira mamba."

A Ellina sanamve msanga. Anaima ndi tsache m'manja akuyang'ana nkhope ya amuna awo, n'kufunsa kuti mamba ake ati. A Goliati anawafotokozera mwachidule, za milamba yotsala, za mfundo, za njoka ndi mphanda. Tsache linagwa.

"Inu," anatero a Ellina, mawu ali pansipansi, "Che Abdulhamid anapita ku Joni mwezi wa Juni. Foni yawo inasiya kugwira kalekale. Kutsidya kuja kwatsala mwana wanu, ana ake awiri ndi apongozi ake odwala."

"Nanga amamasula ndani?"

"Mukufunsa ine? Munaphunzitsa angati? Ndine ndinamuuza kuti kutenga m'mono mwa bambo ake si kuba. Ndipo ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi itatu."

A Goliati sakumbuka kuti pakhonde anatsika bwanji. Kuchokera pakhomo pawo kufika pamkuyu paja ndi kamtunda ndithu, kudutsa m'minda ya chimanga ndi nandolo, ndipo m'mawa umenewo njira inali yoterera. Kuitana kwa kumzikiti kunatha iwo ali m'munda woyamba. Ankadziwa kuti mapemphero a m'mawa ndi aafupi, anali atawawerengera masiku ambiri ali pamphasa. Anagwa kawiri. Jekete inakodwa paminga, anaivula n'kuisiya pomwepo. Ankafuna kufuula ali patali koma mpweya unkathera m'chifuwa, ndiponso mtsinje wodzaza sulola mawu a munthu kuwoloka. Anapemphera akuthamanga, osatsata mawu a m'buku, kuti njokayo ikhale itafa, kuti mphanda ikhale itagwa, kuti kamodzi kokha ntchito ya manja awo ikhale yosalimba. Koma a Goliati chimene amanga sichigwa.

Atatulukira pagombe kunali kutayera. Anamuona ali m'madzi ofika m'ntchafu, chitenje atachikwinya, mpango uli kumutu, mimba ili patsogolo, kabeseni kakuyandama pambali atakamangirira m'chiuno. Miono itatu anali atathana nayo. Anali pa wachinayi, zala zili pa mfundo, ndipo mfundoyo inamasuka mosavuta monga imachitira kwa eni ake.

"Esnat!"

Dzina limene linali lisanatuluke pakamwa pawo zaka zisanu ndi chimodzi linawoloka mtsinje. Mwanayo anatembenuka. Sanathawe, sanachitenso manyazi. Anamwetulira, kumwetulira kwake kwakale komwe kuja, ndipo akuyang'ana bambo ake choncho, dzanja lake linapitiriza lokha ntchito imene linazolowera, n'kulowa pansi pa udzu.

Zotsatira zake anthu a kwa Likoswe amazisimba mosiyanasiyana. Chodziwika n'chakuti njokayo inamuluma pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kutulukira kumchira komweko n'kupita ndi madzi. Kamunthu kochepa kaja kanamunyamula mwana wake ndi mimba yomwe kuchoka m'madzi mpaka pamsewu, mmene kanathera palibe akudziwa, ndipo wa kabaza wa njinga yamoto anawathamangitsira ku chipatala cha Nguludi. Dzanja linatupa mpaka paphewa, n'kuda. Madokotala ndi anamwino analimbana naye masabata atatu. Moyo unatsala. Mwana anabadwa masiku asanakwane koma wamoyo, wamkazi, anamutcha Shakira. Zala ziwiri zija anazidula, ndipo zitatu zotsalazo sizipinda bwino. Ndi dzanja lotero khasu limavuta kugwira, mfundo ndiye simangika n'komwe.

Onse obwera kudzazonda ankati ndi ngozi, njoka zimalowa m'miono chaka ndi chaka. Ankayamikira a Goliati kuti Mulungu ndiye anawadzutsa m'mawa umenewo, ankati chibale ndi fupa sichiola. A Stefano okha anabwera kamodzi, anawapatsa moni osawagwira dzanja, ndipo sanabwerenso. A Goliati ankakhala pakhonde la chipatala, chakudya osachikhudza, akudikira tsiku limene mwana wawo adzawafunse. Ankadziwa kuti adzafunsa. Mwana wa woluka miono sangaone mchira uli pamphanda, udzu uli pamwamba, osadziwa kuti pafika dzanja la munthu. Ankachita mantha kuposa mmene anachitira panjira paja, chifukwa panjira paja panali pothamangira. A Ellina ankadutsa pafupi nawo ndi mbale za wodwala osawayang'ana.

Tsikulo linafika m'sabata yachitatu, masana, ozonda ena atatuluka. Ruqaiya anawaitana kuti akhale pafupi, khanda lili kumanzere, dzanja la mabandeji lili pa pilo.

"Ababa, mphanda ija ndinaiona," anatero.

A Goliati anagwira chitsulo cha bedi.

"Nditaiona ndinadziwa kuti mwazindikira kuti ndine. Masiku onse aja kuwerama kunkandivuta ndi mimba, msana unkachita ngati uduka. Ndiye ndikupeza mono wa mbali yathu mwaukweza, mwauphimbanso kuti nsomba zisafe ndikachedwa. Ndinalira m'madzi momwemo musanafike, ndinati ababa andikhululukira." Anapukuta m'maso ndi phewa. "Munakwezera ine, eti ababa?"

Pakhomo la chipindacho panali pataima a Ellina ndi fulasiki m'manja, akumva zonse. A Goliati anawayang'ana, mayiyo sanagwedeze mutu. Bamboyo anayang'ana dzanja la mabandeji, ndi nkhope ya mwana wawo imene inkadikira yankho limodzi lokha.

"Ee, mwanawe," anatero. "Ndinakwezera iweyo."

Abdulhamid anabwera patapita chaka, ataonda, atakhala miyezi m'ndende ya anthu opanda mapepala. Tsiku lomwe anafika anawoloka mtsinje, anagwada pabwalo la a Goliati n'kuthokoza apongozi ake chifukwa chopulumutsa mkazi wake ndi mwana. A Goliati analandira kuthokozako, poti akanatani. Biyo lija linapita ndi madzi chaka chomwecho, ndipo sanamangenso lina. Mfundo ya kumanzere anaisiya, miono yawo masiku ano amamanga mfundo wamba imene mwana amamasula ndi dzanja limodzi, ogula ena akale amadandaula. A Ellina amawaphikira, amawachapira, koma mpaka lero amangoti inu.

Ruqaiya amawoloka kawirikawiri, Shakira ali kumbuyo. Amakhala pafupi ndi bambo ake pansi pa nsungwi, kamzere atakapanikiza ndi bondo, akukapala ndi dzanja lamanzere, ati tsopano wafanana ndi agogo aja a ku Mozambiki. Mukapita kukagula mono n'kumupeza alipo adzakusimbirani ndithu, chifukwa amasimbira aliyense, mmene bambo ake atakwiya zaka zisanu ndi chimodzi anamukwezera mono pamphanda kuti asawerame. Amasimba akuseka, atawagwira paphewa ndi dzanja la zala zitatu lija. A Goliati amangoweramira pa mmero umene akuluka. A Ellina akakhala pafupi amanyamula ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko ili yodzaza.